Kabowo ka Mkuwa pa Mfuti ya Kalino

Pa famu ya Chindevu, pakati pa Sinoya ndi Sipolilo, panali munthu wakuda mmodzi yekha amene ankayenda ndi mfuti poyera popanda womufunsa. Dzina lake anali Kalino Mbewe, kwawo ku Dedza. Ntchito yake inali yolimbana ndi anyani ndi nguluwe zimene zinkatsika m'phiri kudzakolola chimanga mwini wake asanakolole. Pa tikiti yake ya ntchito analembapo kuti mlonda, koma mukomboni ankangoti a Mbewe a mfuti, powasiyanitsa ndi a Mbewe a ng'ombe ndi a Mbewe a kuchigafa.

Ku Rodeshiya anabwera wapansi, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe, atawoloka Zambezi pa bwato ku Tete. Pochoka kwawo anauza mkazi wake Filesi kuti akakhala zaka ziwiri zokha, akagula njinga ndi makina osokera, n'kubwerera. Zaka ziwiri zinakwana njinga osaoneka, ndipo Filesi sanadikire chachitatu. Anabereka mwana wawo Edina kumsana, nakwera lole ya ulere, natulukira pa famupo tsiku lina masana, m'mutu monse muli mbuu ndi fumbi. Kuyambira pamenepo nkhani yobwerera kumudzi inkakambidwa chaka ndi chaka fodya akatha, koma palibe anamangapo katundu.

Mfutiyo sinali yake. Mzungu wamkulu, amene antchito anamutcha Chindevu, anaisinthanitsa ndi matumba awiri a chimanga kwa mlenje wina wachikorekore chaka cha njala, ndipo pepala lake la boma linali m'dzina la mzunguyo. Inali gogodela, yaitali kufika pachifuwa ukaiimika, yolemera ngati mtanda. Kuti ilankhule kamodzi, munthu ankathira wonga kukamwa kwake, n'kuponyamo chipolopolo cha mtovu chokulunga m'kansanza, n'kutsindira ndi ndodo yachitsulo, kenaka n'kuveka fataki kumbuyo. Ukaphonya ndiye kuti watha, chifukwa pamene ukutsindira kachiwiri nyani amakhala atafika kale pamwamba pa phiri. Chitsulo cholozera cha kumbuyo chinathyoka kalekale. Panangotsala chipsera, ndipo wina anasemapo kamphako ndi tupa. Kunsonga kunali kachitsulo konga njere ya mpunga. Njereyo ikalowa m'kamphako, nyani n'kukhala pamwamba pa njere, zinali zokwanira.

Kalino sankapha anyani ambiri. Ankawadziwa gulu ndi gulu, ndipo ankadziwa nyani wamkulu amene amakhala pamwala kuonera anzake njira. Akagwetsa ameneyo, gulu lonse linkasowa milungu iwiri. Nguluwe ankazipeza m'mamawa zikubwerera kudambo, mimba zitakhuta. Mzungu sankadya nguluwe, choncho nyama inkapita kukomboni, ndipo Filesi ndiye ankaigawa khomo ndi khomo. Anthu odya poso ya ufa, nyemba ndi mchere sangaiwale dzanja limene lawapatsa nthuli. Nyumba ya a Mbewe a mfuti inali yolemekezeka, ndipo milandu ing'onoing'ono ya mukomboni inkathera pa khonde lawo.

Chaka chachiwiri cha Chitaganya, Chindevu anamwalira, famu n'kutsala m'manja mwa mwana wake. Ameneyu antchito anamutcha Kafulumira, chifukwa ankapereka malamulo galimoto ikuyenda. Chaka chomwecho maso a Kalino anayamba kumukana. Akayang'ana nyani, kamphako ka pafupi kankasanduka utsi. Akayang'ana kamphako, nyani ankasanduka chitsa. Anaphonya kamodzi, nati ndi wonga wonyowa. Anaphonya kachiwiri ndi kachitatu. Anyani sachedwa kuzindikira. Anayamba kukhala pamiyala poyera, kumathyola chimanga iye akuona, mfuti ikalira n'kungodumpha pang'ono, n'kukhalanso.

Kafulumira anaimitsa galimoto m'mphepete mwa munda, nayang'ana mizere itatu ya chimanga yogona pansi. Analankhula m'chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha m'mafamu, osatsika.

"Wakalamba, Kalino. Ndikupatsa mwezi umodzi. Zikapitirira ndipeza mnyamata."

Pa famu nyumba imayenda ndi ntchito. Ntchito ikatha, mawa lake nyumba imalowa wina. Kalino sanamuuze mkazi wake mawu amenewa, koma Filesi anawamva kwa akazi anzake kumene ankamanga fodya, tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Lamulungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, Kalino anakhala pakhonde ndi buku la nyimbo. Filesi, akusenda mtedza, anaona mwamuna wake atakunga chibakera, nachiika padiso, akusuzumira m'buku kudzera m'kampata ka pakati pa zala.

"Bambo a Edina, mukuchita chiyani?"

"Ndikuwerenga. Ndikasuzumira pa kabowo kakang'ono zilembo zimaimirira. Ndikachotsa dzanja zimathawa."

Filesi anasenda mtedza wina kanthawi. Kenaka anati, "Nanga mfuti ija singakhale ndi chibakera chake?"

Kalino anaseka, koma Filesi sanaseke. Anakutumula makoko pa chitenje, nati apite kwa Custodio nthawi yomweyo.

Custodio anali wosula zitsulo wa pa famupo, mnyungwe wa ku Tete, amene anaphunzira ntchito kwa ansembe ali mnyamata. Ndiye ankanola mapulawo ndi kuwotcherera ngolo, ndiponso ndiye ankasungunulira Kalino zipolopolo kuchokera ku mabatire akufa. Awiriwa ankaitanana kuti shamwali. Atamva nkhaniyo anagwedeza mutu, nati mfuti za asilikali zimene anaona ku Sinoya zinali ndi kabowo kotero kumbuyo, pafupi ndi diso.

"Zitheka," anatero. "Koma chitsulo cha pulawo n'cholimba, sindingachiboole kabowo kosalala, ndipo chichita dzimbiri mvula ikayamba. Pafunika mkuwa. Mkuwa wonse uli m'sitolo ya bwana, makiyi ali m'thumba mwake."

Filesi anatambasula mkono. Pa dzanja lake lamanzere panali chigwinjiri cha mkuwa chimene amayi ake anamuveka tsiku limene anatuluka m'chinamwali. Sichinavulidwepo chiyambire, ndipo ndicho chokha chimene anali nacho cha kumudzi.

"Iyayi, a Naphiri," anatero Kalino kwa mkazi wake. "Chimenecho ayi."

"Mukufuna ndikachivalire kuti? Pamsewu, titanyamula mphasa pamutu?"

Sopo anakanika kuchivula, mpaka Custodio anachikanula ndi pulayala. Pamene chinali panatsala mzere woyera, khungu lofewa ngati la khanda. Kalino anachitenga chisanapite pamoto, nachizunguza m'manja. Mkati mwake, mbali yogunda khungu, munali timizere titatu tosema, chizindikiro chimene apongozi ake anaika kuti chisasokonezeke ndi cha mng'ono wake wa Filesi.

Custodio anadula chigwinjiricho, nachisula mbali imodzi mpaka chinaphwatalala ngati chikhadabo, nachipinda, nabowola kabowo koti mutu wa singano yosokera matumba n'kudutsa. Mbali inayo anaisiya mmene inalili, naimangirira kumbuyo kwa mfuti ndi sikuluwu imene inalipo kale. Anakayesa kuseri kwa mabulugamu, dzungu ataliika pachulu. Chipolopolo choyamba chinapita kumanzere. Custodio anagogoda mkuwawo pang'ono ndi hamala. Chachiwiri chinakhudza dothi pansi pa dzungu. Anagogodanso. Kalino anaika diso pa kabowo kachitatu, ndipo njere ya kunsonga inaimirira yakuda bii, dzungu lili pamwamba pake looneka mizere yonse. Utsi utapita, pachulu panalibe kanthu. Filesi anatola zidutswa za dzungulo, nati kutaya chakudya n'kulakwa, nakaphika.

Mlungu womwewo nyani wamkulu wa pamwala anagwa. Kafulumira ataona kamkuwako anaseka, nati mfuti yavala ndolo, koma za mnyamata uja sanazitchulenso. Kalino anagwira ntchito yake zaka zina zinayi. Edina anakwatiwa ndi Joze, woyendetsa thirakitala pa famu ina ya ku Karoi, ndipo pa ukwatiwo anthu anadya nguluwe ziwiri.

Filesi anayamba kutsokomola nthawi yosankha fodya, m'chaka cha 1957. Ankati ndi fumbi la m'shedi, litha mvula ikagwa. Mvula inagwa, chifuwa osatha. Anapita naye kuchipatala pa lole ya famu, nabwerako ndi botolo la mankhwala, nagona miyezi iwiri akuchepa tsiku ndi tsiku. Chimanga chinali chitayamba kukhwima, nthawi imene mlonda sangachoke kumunda. M'mawa uliwonse Kalino ankamutembenuza, n'kumusiyira madzi pafupi, n'kupempha mkazi wa a Mbewe a ng'ombe kuti azisuzumirako.

Tsiku limenelo Filesi anamugwira malaya potuluka.

"Lero mubwereko msanga."

"Dzuwa likangopendeka ndifika."

Dzuwa lisanafike pamutu, ali pamwala wake m'mbali mwa phiri, anamva simbi ikulira kukomboni. Simbi inali chimbale cha pulawo chopachikidwa mumtengo, ndipo inkalira m'mawa poyamba ntchito ndi madzulo powerukira. Kulira nthawi ina kunali ndi tanthauzo limodzi. Kalino anatsika phiri akuthamanga, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, mfuti ikumumenya kumsana. Anapeza akazi atakhala kale pakhomo pake.

Anamuika kumanda a antchito, kuseri kwa mabulugamu. Amayi a kutchalitchi anaimba nyimbo zawo mpaka dothi litakwiriridwa, ndipo atabalalika gule anatuluka kudambwe kudzaperekeza mwana wa Achewa. Pa famupo zinthu ziwirizi zinkapatsana mpata popanda mkangano. Edina anakhala mlungu umodzi, napempha bambo ake kuti apite naye ku Karoi. Kalino anakana. Anabwerera kuphiri. Anthu anaona kuti mfuti yonse inali yakuda ndi thukuta la zaka, koma kamkuwa kokha kankawala, chifukwa m'mawa uliwonse ankakapukuta ndi phulusa ndi ndimu.

Chaka chotsatira kunamveka za chipolowe ku Nyasalande ndi za anthu omangidwa m'matauni. Mukomboni nkhanizi zinkafika ndi oyendetsa malole, zosiyanasiyana, ndipo anthu ankazikamba motsitsa mawu. Azungu a mafamu anachita msonkhano kukalabu yawo. Kafulumira atabwerako anaitanitsa Kalino.

"Mfuti ikhala kunyumba kwanga mpaka zinthu zitakhazikika. Munthu wa ku Nyasalande sangayende ndi mfuti masiku ano."

"Bwana, zaka makumi awiri ndalozapo munthu?"

"Si nkhani ya iwe. Bweretsa."

M'malo mwa mfuti anamupatsa chitini cha palafini ndi ndodo yoti azimenyera. Anyani anathawa chitinicho masiku awiri. Lachitatu anangochiyang'ana.

Patapita miyezi itatu, Loweruka lina m'mawa, wophika wa kunyumba ya bwana anabwera kudzanena kuti a Mbewe akufunidwa pakhonde, ndipo mfuti yatulutsidwa. Kalino anasamba kumaso, navala jekete lake la kutchalitchi. Panjira ankaganiza za wonga, ngati umene unatsala m'chitini sunaume n'kuumbika.

Pakhonde anapeza Kafulumira ataimirira, ndi mzungu wina wachikulire atakhala pampando, mfuti ili pamiyendo pake. Anali mlamu wake wa Kafulumira, amene anagwirapo ntchito ya boma ku Nyasalande, ndipo tsopano atapuma ankatolera mfuti zakale. Ankalankhula Chinyanja cha m'mabuku, chaulemu.

"Moni, bambo. Khalani pansi. Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza, bwana."

"Ndikudziwako. Kozizira." Anasisita mfutiyo. "Mlamu wanga wandipatsa mfuti iyi ngati mphatso. Ndifuna mundiuze mbiri yake."

Kalino anayang'ana Kafulumira, koma iye ankayang'ana kumunda. Kalino anakhala pansi pa sitepe, nayankha zonse zimene anafunsidwa, za mlenje wachikorekore, za wonga, za mtunda umene chipolopolo chimafika. Mzunguyo ankalemba m'kabuku. Anamuonetsa chisoti cha mfumu ndi chaka zodindidwa m'mbali mwa mfuti, nati inapangidwa ku Mangalande zaka pafupifupi zana zapitazo, ya asilikali, ndipo yosungika chotere sapezeka kawirikawiri.

"Mwaisamala bwino kwambiri," anatero. Kenaka anagogoda kamkuwa kaja ndi chikhadabo. "Nanga ichi anaika ndani?"

Kalino anafotokoza za maso ake ndi za Custodio.

"N'zanzeru. Zoonadi n'zanzeru. Koma si cha nthawi yake." Anatsegula buku lalikulu limene linali patebulo, naloza chithunzi. "Onani. Mfuti za mtundu uwu zinali ndi cholozera chonga kamakwerero, apa pamene pali chipsera. Kabowo kotere asilikali a nthawi imeneyo analibe. Munthu wodziwa akaona ichi adzati mfuti ikunena bodza."

Kalino sanathe kuona chithunzicho. Anaona banga lotuwa pa pepala loyera.

"Bwana, kameneko sikananamepo. Pamene kaloza m'pamene chipolopolo chimapita."

"Sindikukana, bambo. Ndikunena za mbiri. Ndiitanitsa cholozera chenicheni kuchokera ku Mangalande."

"Chimene mudzaitanitsecho chinakhalapo pa mfuti imeneyi?"

Mzunguyo anamwetulira ngati mphunzitsi amene wafunsidwa funso labwino. "Iyayi. Koma n'cha mtundu wake."

Anaitanitsa Custodio ndi zida zake. Custodio atamva kuti akufuna kuchotsa kamkuwa kaja, anayang'ana Kalino, nati sikuluwu yachita dzimbiri, singamasuke. Kafulumira anati ngati singamasuke adule. Custodio anagwada pakhonde, naika mfuti pa thumba, nayesa sikuluwu ija. Inamasuka mosavuta, chifukwa Kalino ankaithira mafuta a nguluwe mwezi ndi mwezi. Kamkuwa kanagwera pa simenti n'kulira ngati kandalama. Kalino anatambasula dzanja, koma mzungu uja anali atawerama kale n'kukatola.

"Aka sinditaya," anatero. "Ndikasunga m'envulopu pamodzi ndi mbiri ya mfuti, kuti anthu aone luso la anthu akuno."

Moyo wake wonse Kalino sanapemphepo kanthu pakhonde limenelo, ndipo mawu opempha sanabwere. Chimene chinatuluka chinali chakuti, "Bwana, kanali ka mkazi wanga. Chinali chigwinjiri chake. Anamwalira chaka chatha."

"Pepani kwambiri," anatero mzunguyo, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti akunenadi zoona. Anatsegulanso kabuku kaja. "Zimenezi n'zofunika kuzilemba. Dzina lawo anali ndani?"

"Filesi."

"Fi-le-si." Analemba pa envulopu, naikamo kamkuwako, nanyambita m'mphepete, namata. Anatulutsa paketi ya ndudu m'thumba, napatsa Kalino ndi manja awiri monga anaphunzirira ku Nyasalande. Kafulumira anayang'ana wotchi yake, nati zatha, abwerere kuntchito.

Kalino anatsika masitepe, nadutsa pakati pa maluwa a dona, napitirira zigafa. Sanapite kumunda. Anakakhala kumanda mpaka dzuwa litapendeka, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, paketi ya ndudu ili m'manja. Ankangoganiza kuti akanati, "Ndipatseni," mawu amodzi okha, mwina mzungu uja akanamupatsa. Ganizo limeneli linamudya kuposa kulandidwa kwa mfuti, ndipo silinamusiye mpaka imfa yake.

Custodio sanaoneke mlungu wonse. Lamulungu masana anafika pakhomo pa Kalino, nakhala pa mtondo wogona, natulutsa kanthu kokulunga m'pepala.

"Shamwali, mwayi ulipo. Wophika wakapeza pansi pa tebulo posesa. Kanagwa m'envulopu muja mzungu asanakwere galimoto."

Kalino anamasula pepalalo. Kanali kamkuwa kopindika, kophwatalala mbali imodzi, kabowo kali pakati. Anakazunguza m'manja, nayendetsa chala chachikulu mkati mwake, kamodzi, kawiri. Munali mosalala.

"Shamwali, timizere titatu tija tili kuti?"

Custodio anayang'ana kamkuwako. Kenaka anafunsa, "Timizere tanji?"

"Tinali mkati. Mbali yogunda khungu."

Custodio anaphimba nkhope ndi chipewa chake. Mapewa ake ankagwedezeka. Anaulula kuti anadula paipi ya mafuta ya thirakitala yakufa, nasula masiku anayi powerukira, akuyesa kukumbukira mmene koyamba kanalili.

"Ndinachigwira ndi manja anga awa, ndinachiika pamoto, koma timizereto sindinatione. Ndikanationa ndikanasema."

"Ndikudziwa kuti ukanasema."

"Ndine ndinamasula sikuluwu ija, shamwali."

"Ukanakana akanaitana wina, ndipo iwe ukanagona pamsewu ndi ana ako. Usalire pakhomo panga, anthu aziti kwagwanso maliro."

Anakulunganso kamkuwako m'pepala, nakalowetsa m'thumba la malaya. Anatulutsa ndudu za mzungu zija, napatsa mnzake imodzi, ndipo anasuta mpaka ng'ombe zitayamba kubwerera kukhola.

Chaka chimenecho anyani anadya chimanga mpaka pafupi ndi msewu. Kafulumira anathira poizoni m'maungu, nawamwaza m'mbali mwa phiri. Anafa anyani, anafa agalu awiri a mukomboni, ndipo fungo linakhala mwezi wathunthu. Mlonda sanafunikenso. Kalino anamutumiza kushedi yosankhira fodya, koma kusankha fodya ndi ntchito ya maso, ndipo iye sankasiyanitsa tsamba lofiirira ndi lachikasu. Kapitawo, amene anadyapo nguluwe zake zambiri, anamubisa miyezi ingapo pomupatsa tsache. Ng'ala itaphimba diso lamanja n'kuyamba lamanzere, panalibenso pomubisa. Mu 1961, fodya atapita kumsika, anauzidwa kuti nyumba yake ikufunika.

M'mawa wa tsiku lochoka, Custodio anamugwira dzanja kupita naye kumanda. Kalino anagwada, napapasa mtumbira, nazula udzu umene zala zake zinapeza.

"A Naphiri, ndikupita kwa mwana. Sindikuthawa. Ndidzabwera kudzagona pompano."

Anakwera lole ya feteleza yopita ku Karoi ndi mphasa, bulangete, mpando umodzi ndi buku la nyimbo limene sankathanso kuwerenga.

Joze anamulandira bwino, namumangira kachipinda kumbali kwa nyumba. Koma kwa Achewa mkamwini ndiye amapita kwa apongozi, ndipo Kalino sanazolowere kudya chakudya cha pakhomo pa mkamwini. Ankadya pang'ono, n'kumanena kuti wakhuta. Kuti asakhale chabe, ankapota zingwe za khonje zomangira fodya, atatsamira khoma loyang'ana dzuwa. Anthu a pa famu imeneyo sankadziwa kuti anagwirapo mfuti. Ankangomutcha sekuru a zingwe, kutanthauza agogo a zingwe, ndipo iye sanawauze.

Mu 1963 kunamveka kuti Chitaganya chikutha, ndipo mabanja ena anayamba kumanga katundu kubwerera ku Nyasalande. Edina anakhala pafupi ndi bambo ake tsiku lina akupota.

"Ababa, a Joze akuti mukafuna akhoza kukuperekezani ku Dedza. Mwina abale alipobe."

"Amayi ako ndiwasiye ndi yani?"

"Amayi anagona, ababa."

"Anandilondola ndi iwe kumsana, ulendo wa milungu iwiri. Ine ndiwasiye m'dziko la eni? Ndikafa mukandiike pambali pawo. Ndi chokhacho ndikupempha."

Anamwalira mu Novembala chaka chomwecho, masana, chingwe chili pamwendo chosamaliza. Inali nthawi yowokera fodya, mvula yoyamba itangogwa, pamene lole iliyonse ndi thirakitala iliyonse imakhala kumunda kuyambira m'mawa. Joze anapita kwa bwana wake kukapempha galimoto, nabwerako atakanizidwa, chipewa chili m'manja. Kunkatentha, ndipo maliro sakanadikira. Anamuika ku Karoi komweko, pakati pa anthu amene sanawadziwe.

Edina sanagone tulo tabwino dzinja lonselo. Mvula itatha anatapa dothi la pamanda a bambo ake, nalimanga m'kansalu, nakwera basi ya ku Sinoya, nakweranso ina ya ku Sipolilo, natsika pamphambano n'kuyenda wapansi. Pa famu ya Chindevu anapeza zinthu zitasintha. Kafulumira anali atagulitsa famu n'kupita kumwera. Custodio anali atabwerera ku Tete ndi banja lake. Mabulugamu anali atadulidwa kukhala nkhuni za m'zigafa, ndipo malo onse a kumanda anali mkati mwa waya wa ng'ombe. Mlonda wa pageti, mnyamata wachizezuru, anati sangalowetse munthu popanda kalata ya manijala, ndipo manijala anali atapita kutauni mpaka Lolemba.

Edina anayenda motsatira waya mpaka pamene anaona zitsa za mabulugamu. Patsogolo pake panali udzu wautali ndi ng'ombe zikudya. Sanathe kudziwa kuti mtumbira wa amayi ake ndi uti, kapena ngati unalipobe. Anagwada, nalowetsa mkono pakati pa mawaya mpaka paphewa, namasula kansalu kaja.

"Amayi, ndabwera nawo ababa. Pafupi pamene ndakwanitsa ndi pano."

Anakutumula kansaluko kuti dothi lonse litsike. Waya anamukanda pamkono potulutsa, ndipo anamanga balalo ndi kansalu komweko. Kenaka anaimirira n'kuyamba kuyenda mofulumira kubwerera kumphambano, chifukwa basi yopita ku Sinoya inkadutsa kamodzi kokha pa tsiku.